Makaniko wapeza timavuto pa galimoto yomwe mukufuna kugula, ndiye mutani?

Galimoto yomwe yayendapo kale, kaya ndi Vitz yongotsika kumene kuchokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe, kaya ndi Sienta yomwe yadya fumbi la kuno zaka zingapo, mukangoikweza pa dzenje makaniko n'kulowa pansi ndi tochi atulukako ndi mndandanda basi. Bushi iyi yatha, apa pakunyowa oilo, buti ya CV (labala yophimba joint ya ku tayala) yang'ambika, nyali imodzi siikuyaka. Ndipo yankho la wogulitsa limakhala lomwelija loti aaa bwana zimenezo ndi zazing'ono, galimoto ili bho iyi ingothirani mafuta muzipita. Nthawi zina amakhala akunena zoona ndithu. Koma woti agamule kuti vutoli ndi laling'ono ndi inuyo, mutadziwa chomwe chaliyambitsa komanso ndalama yokonzera, osati munthu amene akufuna mulipire lero lomwe dzuwa lisanalowe.

Musanayambe n'komwe, makaniko akhale wanu

Makaniko wobwera ndi wogulitsa, kapena wobwera ndi dobadoba amene wakulumikizani uja, ameneyo kagawo kake kali kale mu mtengo womwe akuuzaniwo ndiye musadabwe akamangogwedeza mutu kuti zonse zili bwino. Tengani wanu, mumulipire nokha, ndipo mumuuziretu kuti yake alandira kaya mugula kaya simugula, chifukwa amakaniko enanso akadziwa kuti galimoto ikagulidwa ntchito zonse zizibwera kwa iwo amayamba kuikometsera. Pitani m'mawa injini isanalizidwe. Mukafika gwirani kaye pa injini ndi dzanja, mukapeza yofunda ndiye kuti aitenthetsa kale, ndipo utsi wa buluu kapena kaphokoso ka tcheni komwe kamamveka masekondi oyambirira injini ikalizidwa ili yozizira simukamvanso.

Disiki ya COF (Certificate of Fitness) yomwe ili pa galasiyo isakunyengeni. Oyeza COF amaona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu tsiku lomwe yayezedwalo, mabuleki, nyali, matayala, chiwongolero ndi zina zotero. Satsegula giyabokosi, sadziwa ngati injini ikudya oilo, ndipo disiki yomwe inatengedwa miyezi isanu ndi itatu yapitayo siikudziwa maenje omwe galimotoyo yagundamo nyengo yonse ya mvula.

Choyamba, zonse zilembedwe ndipo muzione ndi maso anu

Musakhale pansi pa mtengo mukuseweretsa foni makaniko ali pansi pa galimoto. Tsikani naye m'dzenjemo, zovala zidzachapidwa. Chilichonse chomwe wanena akulozereni, mujambule ndi foni, mulembe pa pepala kuti ndi mbali iti, kumanzere kapena kumanja, kutsogolo kapena kumbuyo. Ndiye pa chilichonse mumufunse mafunso atatu omwewa: chayambitsa ndi chiyani, ndikachisiya chiononga chiyani china, ndipo ndingayende nacho nthawi yaitali bwanji. Makaniko wodziwa ntchito amayankha mosavuta. Akamangoti mmm zimenezi tidzaona mukagula, chimenecho chilembeni ndi chizindikiro chachikulu pambali.

Kenako muiyendetse, osati kungozungulira mpanda wa garaja ayi, ituluke pamsewu wa tala ifike 80 kapena 100, ikwere chitunda, idutse pa mahampu ndi pa msewu wa fumbi, wailesi ili yozima mawindo nthawi zina otsegula nthawi zina otseka. Mukabwerako ibwerere pa dzenje kachiwiri, chifukwa wogulitsa wochenjera amatsukiratu injini ndi pansi ponse ndipo kudontha kumaonekanso pokhapokha galimoto ikatentha. Injini yonyezimira kwambiri pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu ine imandikayikitsa kuposa ya fumbi.

Chachiwiri, mndandandawo muugawe milu itatu

Mulu woyamba ndi wa zinthu zoti sizikuletsani kufika komwe mukupita. Penti yokalika, kabampa kothyoka pakona, babu lakupsa, ma wiper olira, mpando wong'ambika, wailesi ya ku Japan yomwe imathera pa 90 ndiye masiteshoni ambiri a kuno siigwira mpaka mutaikamo ka band expander. Izi zilembeni, zithandiza ponenerera, koma musataye nazo nthawi yambiri.

Mulu wachiwiri ndi wa zinthu zomwe zimatha ndi kuyenda, galimoto iliyonse zimatha ndipo mtengo wake umadziwika: matayala, ma brake pad, mashoko, mabushi, ma stabiliser link, ma ball joint, ma tie rod end, mabuti a CV, batire. Pano palibe choopsa bola mudziwe kuti ndi zingati ndipo ndi ndalama zingati.

Mulu wachitatu ndi umene umadya anthu. Zinthu zomwe zimaoneka zazing'ono koma zikungoloza ku vuto lina lomwe simunalione, monga kanyali koyaka pa dashibodi, madzi ochepa mu redieta, oilo wonyowa pomwe gwero lake silikudziwika, tayala lodyeka mbali imodzi, kapeti yonyowa, kagiya kogunda pang'ono. Chilichonse cha mulu uwu sichichoka pamenepo mpaka makaniko atapeza chomwe chikuyambitsa, ndipo akachipeza chimasamukira ku mulu wachiwiri ndi mtengo wake, kapena chimakuuzani kuti galimotoyi isiyeni.

Chachitatu, mulu wachiwiri uja muuyeze, musangoyerekeza

Matayala ali ndi tsiku lobadwa. Yang'anani m'mbali mwa tayala pomwe palembedwa DOT, kumapeto kwake pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, ndiye 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala litha kukhala ndi mano abwinobwino koma lili la zaka zisanu ndi zitatu, louma, long'alukang'aluka m'mbali, ndipo pa M1 mwezi wa October tala ikutentha limenelo ndi lophulika. M'mizere ya tayala mulinso timabampu tating'ono totalika 1.6 mm, mano akafanana nato tayala latha. Onaninso ngati anayi onse ali a saizi imodzi, ndipo la sipeya lilipo, lili ndi mpweya, jeki ndi sipanala zilipo. Magalimoto ena a ku Japan amabwera opanda sipeya, amangokhala ndi kabotolo komatira ndi kapampu, zomwe kuno sizingakuthandizeni mukang'amba tayala pa mwala.

Ma brake pad atsopano amakhala pafupifupi 10 mm kapena kuposerapo, akafika pa 3 mm ndi osintha. Koma aone ndi disiki yomwe, ngati ili ndi mizere yakuya kapena mlomo waukulu m'mphepete, kapena ngati chiwongolero chikunjenjemera mukaponda buleki pa liwiro, ndiye kuti si mapadi okha ndipo mtengo wakwera.

Mashoko, kunyowa pang'ono kwa fumbi lomata pamwamba si nkhani yothamangira, koma oilo wochita kutsetsereka mpaka pansi ndiye kuti shoko yafa, ndipo amasinthidwa awiriawiri, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse. Ka stabiliser link kamasokosa kwambiri pa msewu wa fumbi, kugubuduza ngati galimoto ikutha, koma ndi kotchipa ndipo sikoopsa kwenikweni. Ball joint ndiye ina, nthawi zina salira n'komwe koma akaguluka tayala limapindikira mkati galimoto n'kugwada pomwepo, tonse tinazionapo m'mbali mwa msewu. Ndiye makaniko akweze galimoto pa jeki, agwire tayala pamwamba ndi pansi agwedeze, kenako kumanzere ndi kumanja, inu mukuyang'ana pomwe pakuseweramo.

Buti ya CV ikang'ambika girisi amamwazika mkati mwa rimu ndipo mchenga umalowa. Ngati yangong'ambika kumene, buti ndi girisi basi zatha. Kuti mudziwe, pindani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono pa bwalo, mbali zonse ziwiri, mukamva ta-ta-ta-ta ndiye kuti joint yadyeka kale ndipo muwerengere joint yonse. Batire ayeze ndi mita, yabwino imaonetsa pafupifupi 12.6 volts injini ili yozima, ndipo ikalira pakhale pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ngati injini ikulira koma manambala sakukwera, vuto si batire koma alternator, ndipo batire yatsopano yomwe wogulitsa waikamo dzulo ifa sabata yomweyo.

Chachinayi, mulu wachitatu, pano ndiye dekhani

Tiyambe ndi nyali za pa dashibodi. Tembenuzani kiyi osaliza injini, nyali zonse ziyenera kuyaka kaye, check engine, ABS, airbag, ya oilo, ya batire, kenako mukaliza zizime. Ngati ina siikuyaka n'komwe poyambapo ndiye kuti mwina wina anachotsa babu kapena anamata tepi yakuda kumbuyo, ndipo munthu sachita zimenezo pa vuto la ndalama zochepa. Ngati check engine ikuyaka musalole mawu oti ndi kasensa chabe, aike kompyuta iwerenge khodi, timakina ta OBD timeneti masiku ano amakaniko ambiri ali nato. P0300 mpaka P0304 ndi injini yodumphadumpha, mwina mapulagi kapena koilo, mwinanso compression yatsika ndiye iyezedwe. P0171 ndi mpweya wochuluka mafuta ochepa, kawirikawiri paipi yotayira mpweya kapena sensa yakuda. P0420 ndi ya catalytic converter, choyeretsa utsi cha pa ekizozi, ndipo nthawi zina zimatanthauza kuti inachotsedwa n'kugulitsidwa, onani pa ekizozi ngati pali poti anadula n'kuwotcherera. Galimoto imayendabe koma mwagula yosakwanira ndiye mtengo utsike. Muuzeninso makaniko aone ngati makhodi sanafufutidwe posachedwa, akafufutidwa kompyuta imaonetsa kuti galimoto sinamalize kudziyeza yokha, ndipo izi zikutanthauza kuti nyali izayakanso mukayenda makilomita angapo mutalipira kale.

Nyali ya ABS itha kukhala sensa ya pa tayala kapena waya woduka, zotchipa, koma ithanso kukhala pampu yonse. Ya airbag ndiye muikayikire kwambiri chifukwa nthawi zina imatanthauza kuti galimoto inachita ngozi, ma airbag anaphulika, anangomata chivundikiro mkati mulibe kanthu. Pa ma hybrid monga Aqua, Prius ndi Fit hybrid, uthenga uliwonse wa hybrid system si wa mulu waung'ono, pitani kwa amene ali ndi kompyuta yowerenga batire yaikuluyo gawo ndi gawo.

Madzi. Redieta ndi yotseka, madzi sayenera kumachepa, ndiye wogulitsa akati ndimangowonjezera pang'ono sabata iliyonse akukuuzani kuti penapake pakutayika. Ikhoza kukhala paipi, chivundikiro cha redieta, water pump, zonsezi zokonzeka. Koma injini ili yozizira tsegulani redieta muilize muone ngati mukutuluka thovu losalekeza, tsegulaninso potsirira oilo muone pansi pa chivundikiro ndi pa dipstick, mukapeza oilo wasanduka ngati tiyi wothira mkaka, kapena utsi woyera ukupitirira injini itatentha kale, imeneyo ndi head gasket ndipo galimotoyo inawirapo. Fani yomwe imazungulira nthawi zonse kiyi ikangotembenuzidwa, kapena thermostat yochotsedwa, ndi zizindikiro zoti wina ankalimbana ndi kutentha. Madzi a dzimbiri ofiirira akusonyeza kuti ankathira a pa mpopi opanda coolant kwa nthawi yaitali. Ine galimoto yowirapo sindilimbikitsa munthu ngakhale mtengo utsike bwanji, pokhapokha ngati mwawerengera injini ina.

Oilo wodontha zimatengera komwe akuchokera, ndipo oilo amatsika pansi ndiye pomwe mwamuona si pomwe wachokera. Apukute, muyende, muonenso. Gasketi ya pa tappet cover pamwamba ndi ntchito ya ola limodzi. Boti la sampu kapena oil filter yosamanga bwino ndi zosavuta. Koma akamachokera pakati pa injini ndi giyabokosi ndi siilo ya kumbuyo, kasiilo kenikeniko ndi kotchipa koma kuti akafikeko ayenera kutsitsa giyabokosi yonse, ndiye apa ndalama ili mu leba.

Giyabokosi ya otomatiki. Ikagunda mukaika D kapena R, ikachedwa kugwira, ikanjenjemera ponyamuka, kapena injini ikamakwera mawu galimoto osathamanga, musamve zoti ingofunika kusintha oilo. Ngati zinali choncho mwini wake akanasintha kale asanaiike pa msika. Ma Vitz ambiri, Nissan Note, Honda Fit, Axio ndi anzawo ali ndi giyabokosi ya otomatiki yotchedwa CVT, ndipo CVT imafuna oilo wake weniweni, Nissan ndi NS-2 kapena NS-3, Toyota ndi TC kapena FE, Honda ndi HMMF kapena HCF-2 kutengera chaka. Funsani wogulitsa kuti anathira oilo wanji komaliza, akakuyankhani kuti ATF wamba wofiira uja dziwani kuti giyabokosiyo masiku ake akuwerengeka.

AC yosazizira ndi nyimbo ina yotchuka, ingofunika gasi bwana. Gasi sathera chabe, ngati watha ndiye kuti pali potulukira, mwina kondensa yobooka ndi miyala kutsogolo, mwina paipi, mwina kompresa yafa. Muuzeni akathire gasiyo iyeyo ndipo mudzabwerenso pakatha masiku angapo muone ngati ikuziziritsabe.

Tayala lodyeka mbali imodzi kapena galimoto yokokera kumanzere, mwina ndi alignment basi, mwina bushi, koma mwinanso chassis inapindika pa ngozi. Yang'anani mipata ya pakati pa zitseko, boneti ndi mafenda ngati ikufanana mbali zonse, maboti a mafenda ngati ali ndi zipsera za sipanala, penti ngati yasiyana mtundu padzuwa, ndipo kamaginito kokulunga m'nsalu sikamata bwino pomwe anapaka fila wambiri. Tukulani kapeti ya mu buti muone pansi pomwe pamakhala sipeya ngati pali makwinya kapena zowotcherera. Fenda yosinthidwa si vuto, kuno ndani sanagundidwepo ndi kabaza. Koma miyendo ya chassis yowongoledwa ndi moto, imeneyo matayala izidya mpaka kalekale. Dzimbiri la pamwamba lofiirira pa ekizozi ndi pa zitsulo za pansi ndi labwinobwino, loopsa ndi lofufuma lomwe mukabaya ndi sikuludiraiva chitsulo chikuyoyoka, makamaka pomwe pamangidwa mashoko ndi m'munsi mwa zitseko. Limakonda magalimoto ochokera ku UK komwe amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndi ochokera kumpoto kwa Japan. Kapeti yonyowa ndi fungo la chinyezi, onani pansi pa mipando ngati njanji zachita dzimbiri ndi matope ouma, galimoto yomwe inamirapo m'madzi mavuto a mawaya sathera.

Palinso kamodzi komwe sikaoneka pa dzenje, timing belt. Injini zambiri zazing'ono za masiku ano monga 1KR, 2SZ ndi 1NZ za Toyota zili ndi tcheni, koma zakale monga 5A, 4A, 3S, ma dizilo a 1KZ ndi 1KD, komanso EJ ya Subaru zili ndi lamba yemwe amasinthidwa pafupifupi pa 100,000 km, ena kupitirirako pang'ono. Ku Japan amamata sitika pa injini yolembapo makilomita omwe anasinthira. Ngati palibe sitika palibe lisiti, werengerani kuti sanasinthidwe ndipo muike pa mndandanda.

Ngati galimoto yangobwera kumene kuchokera kunja

Ya ku Japan pemphani auction sheet, pepala lomwe oyeza amalemba galimoto ikamagulitsidwa pa okushoni. Pamwamba pamakhala giredi, 4.5 ndi 4 ndi zabwino, 3.5 yayendako ndithu, R kapena RA ndi yokonzedwa itachita ngozi. Pa chithunzi cha galimoto pamakhala zilembo, A ndi zokalika, U ndi potifuka, W ndi pokonzedwa pomwe penti yachita mafunde, S ndi dzimbiri, C ndi dzimbiri lodya chitsulo, X ndi chofunika kusintha, XX ndi chomwe chinasinthidwa kale, ndipo nambala yotsatira kuyambira 1 mpaka 3 ikusonyeza kukula kwake. Yerekezani makilomita a pa pepalalo ndi a pa dashibodi, komanso ndi mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zathera, chifukwa kubweza mailosi kulipo. Ya ku UK ndiye ndi yosavuta, mukadziwa nambala yake yakale mutha kuona mbiri ya MOT, COF ya kumeneko, ulere pa webusaiti ya boma la UK, chaka ndi chaka, makilomita ndi zonse zomwe oyeza analemba. Kuyambira May 2018 amazigawa kuti dangerous, major ndi minor, kuphatikizapo ma advisory omwe ndi zoti muziziyang'anira. Mukaona advisory yomweyomweyo ya dzimbiri kapena oilo ikubwera zaka zitatu zotsatizana mwadziwa mtundu wa munthu yemwe anali nayo.

Chachisanu, fufuzani mitengo lero lomwelo

Mndandanda uli m'manja, imbani kapena pitani nokha, ku Biwi ngati muli ku Lilongwe, ku Ndirande kapena m'mashopu a ku Limbe ngati muli ku Blantyre, mutatenga nambala ya chassis chifukwa Vitz ya KSP90 ndi ya KSP130 masipeya ake safanana onse. Funsani malo awiri kapena atatu, ndipo pa chilichonse mudziwe mtengo wa chatsopano chenicheni, chatsopano cha kampani ina, ndi chochotsa ku galimoto ina. Zochotsa ndi zabwino pa nyali, zitseko, alternator, koma mapadi, ball joint, tie rod end ndi timing belt gulani zatsopano. Mtengo womwe mnzanu anagulira chaka chatha usakupusitseni, kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya masipeya siikhala malo amodzi. Onjezani leba, onjezani alignment ngati mukukhudza za kumiyendo, ndipo pamwamba pake ikanipo kenakake chifukwa akamasula chimodzi amapeza chinzake, boti lothyoka, bushi ina yomwe siinkaoneka.

Funsaninso ngati chinthucho chilipo pashelefu. Pa Corolla kapena Vitz mupeza tsiku lomwelo. Pa galimoto ya ku Ulaya kapena mtundu wosowa, kasensa kakang'ono katha kukudikiritsani masabata kakuchokera ku Johannesburg kapena Dubai galimoto ili pa mawe, ndiye vuto lomwelo ndi laling'ono pa galimoto ina lalikulu pa inzake.

Chachisanu ndi chimodzi, kunenerera

Osayamba ndi kunyoza galimoto ya munthu, mukatero amauma mutu. Muonetseni pepala ndi zithunzi. Tiyerekeze akufuna K12 miliyoni ndipo mndandanda wanu wakwana K900,000, mutha kunena kuti achimwene galimotoyi ndaikonda ndipo ndalama ndili nayo, koma onani nokha, matayala awiri ndi a 2017, mashoko akutsogolo atha, buti iyi ndi mapadi, mitengo yake ndi iyi ndafunsa lero, ndiye tichotse imeneyi tithane. Ayankha kuti galimoto yakale siingakhale ngati yatsopano, ndipo akunena zoona, ndiye mulu woyamba uja muusiye ngati mokomera mtima, muumirire pa zachitetezo ndi zomwe zikufunika kukonzedwa mwezi womwewo. Mukakumana pakati mwachita bwino. Onaninso mitengo ya zinzake pa Facebook ndi m'malo ogulitsira magalimoto, ngati yake ili kale pansi kwambiri ndiye kuti mavutowo anawachotsera kale, musamufinye kawiri.

Akanena kuti ndikonzetsa ndekha mudzatenge mawa, ine ndimakonda kukana. Munthu amene akutsanzikana ndi galimoto amagula chotchipitsitsa, shoko yochotsa yopukutidwa bwino, bushi yosema ku tayala lakale, buti yomanga ndi waya, ndipo inu mudzalipiranso pakatha miyezi iwiri. Bola achotse ndalama mukonzetse nokha kwa makaniko wanu. Pomwe ndimalola kuti akonze iyeyo ndi pa mulu wachitatu, pomwe mtengo sukudziwika, monga nyali ya ABS kapena AC, chifukwa pamenepo ngati chili chachikulu chimugwere iyeyo. Koma zikatero ikonzedwe ku garaja yomwe mwagwirizana nonse, chochotsedwacho muchione, lisiti muitenge, ndipo muiyendetsenso musanapereke ndalama yotsala.

Akakana kuti ipite pa dzenje, akakana kompyuta, kapena akayamba zoti pali wina akubwera ndi kashi masana ano, musiyeni wa kashiyo agule. Ma Vitz ndi ma Sienta sadzatha mu Malawi muno.

Chachisanu ndi chiwiri, zilowe mu kalata ya mgwirizano

Kalatayo ikhale ndi maina ndi manambala a ziphaso za nonse awiri, nambala ya galimoto, ya chassis ndi ya injini, makilomita a tsikulo, mtengo, ndalama yomwe yaperekedwa ndi yotsala, ndi mboni mbali zonse. Kenako mulembe mavuto omwe apezeka limodzilimodzi, lomwe mwalilandira mmene lilili, lomwe wachotsera ndalama, ndi lomwe walonjeza kukonza pofika tsiku lakuti. Ngati pali choti akonze, gwirani ndalama yoposa mtengo wa ntchitoyo mpaka itatheka, chifukwa mukapereka yonse foni imayamba kusapezeka. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Nambala ya chassis muiwerenge nokha pa chitsulo muyerekeze ndi ya mu blue book, dzina la mu blue book likhale la amene akugulitsayo kapena mwini wakeyo aonekere, mufunse ngati galimoto siinaikidwe chikole ku banki kapena kwa akatapila, ngati ndi yongolowa kumene muone mapepala a MRA, ndipo za kusintha umwini ku Road Traffic muchitire limodzi ndalama yomaliza isanatuluke.

Mukagula, konzani motsatana bwino

Chiyeso chimakhala choti muyambe ndi marimu, tinti ndi sipika, pepala lija n'kuiwalika mu dashibodi. Sabata yoyamba ikhale ya zomwe zingakupheni, mabuleki, matayala, ball joint, tie rod end, nyali. Za kumiyendo zichitike kaye, kenako alignment, matayala atsopano pomaliza, mukayamba ndi matayala mabushi akutha awadya. Kenako savisi yonse ngakhale wogulitsa analumbira kuti wangochita kumene, oilo, mafyuluta, mapulagi, coolant weniweni, brake fluid, ndi timing belt ngati ilipo, pamodzi ndi water pump poti atsegula kale pamenepo. Buti ya CV isadikire malipiro a mwezi wachitatu, makamaka nthawi ya mvula. Zokalika ndi wailesi zidikire.

Zomwe makaniko anati muziziyang'anira, monga kunyowa pang'ono kwa oilo kapena shoko yoyamba kuchita thukuta, ziyang'anireni zenizeni. Ikani katoni yoyera pansi pa injini usiku, m'mawa muone dontho lili pati komanso ndi la mtundu wanji, lakuda ndi oilo wa injini, lofiira ndi wa giyabokosi kapena wa pawa sitiyelingi, la pinki kapena lobiriwira ndi coolant, madzi oyera mbali ya pasenja mutayatsa AC ndi abwinobwino. Loweruka lililonse injini ili yozizira galimoto ili pamalo osapendekeka, onani dipstick ndi kabotolo ka coolant, mulembe makilomita mu kope limodzi ndi malisiti onse. Pakatha mwezi bwererani kwa makaniko yemwe uja ndi pepala lomwe lija, aikwezenso pa dzenje, muyerekeze ndi zithunzi za tsiku loyamba kuti muone chomwe chakula ndi chomwe chili pomwepo, ndipo COF yotsatira ikamayandikira muyambire pa mndandanda womwewo sabata ziwiri tsiku lisanafike kuti masipeya apezeke nthawi ilipo.